Kufunsa Funso Lodziwika: Ntchito ya Function Generator m'Labotale

Gogo Chalo ndi mafumu onse amene mwatilandira m'dziko lanu, abusa ndi akuluampingo, aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi anzanga, makolo amene mwasiya makasu kudimba kuti mudzamve zimene ana anu amaphunzira, ndi inu ophunzira amene mwachokera ku Mitundu, ku Nathenje ndi kuno ku Malingunde: ndipempha kuti mundilole ndikambe mosathamanga, pakuti nkhani imene ndasenza lero, ngakhale ikunena za kabokosi kakang'ono kamene mwana wa Folomu 1 angathe kukanyamula m'khwapa, mizu yake yafika mpaka m'madzi a damu lili pafupi nafeli, m'nkhokwe zathu za chimanga, ndi m'dothi lomwe tapondali.

Kabokosiko akatswiri a zamagetsi amakatcha function generator. Asaganize wina za jenereta ya dizilo imene imalira kuseri kwa golosale magetsi akazima, chifukwa aka sikayatsa nyumba, sikayendetsa chigayo, ndipo mphamvu yake yonse, mutaisonkhanitsa, siingafunditse ngakhale kapu ya tiyi. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kutulutsa magetsi ochepa amene amakwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, mwa dongosolo limene munthu wasankha yekha, pa liwiro limene walamula, ndi pa msinkhu umene waika, ndipo magetsi amenewa amatumizidwa m'chinthu chimene munthuyo afuna kuchidziwa, kaya ndi waya, kaya ndi madzi, kaya ndi mbewu, kuti aone mmene chinthucho chiyankhire.

Mayi wanzeru akafika pa msika wa Mitundu kudzagula mbiya sakhulupirira maso okha, ngakhale mbiyayo ikhale yosalala ndi yootchedwa bwino; amaigogoda ndi chala natchera khutu, ndipo ikalira mawu oyera amamasula ndalama pa nsonga ya chitenje, koma ikayankha ndi mawu osasa amadziwa kuti muli mng'alu umene diso silidauone, naibwezera pansi mwaulemu osanyoza woumba. Mayiyu wachita kafukufuku weniweni, pakuti wafunsa mbiya funso ndipo mbiya yamuyankha. Chimene chimamusowa ndi ichi chokha, kuti chala chake sichigogoda chimodzimodzi lero ndi mawa, ndipo sangathe kulembera mlongo wake wa ku Dedza kuti agogode ndi mphamvu yakutiyakuti kuti mayankho awo alingane. Function generator ndi chala chimene chimagogoda mofanana nthawi zonse, chimene kugogoda kwake kumalembeka ndi manambala, kotero kuti wa ku Bunda ndi wa ku Zomba angathe kufunsa funso limodzimodzi, nakangana pa yankho lokha. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse: yankho la chinthu chilichonse lilibe phindu kwa munthu amene sadziwa bwinobwino chimene wafunsa.

Pa nkhope ya kabokosiko pali zinthu zitatu zimene wofufuza amasankha. Choyamba ndi maonekedwe a funde: lilipo losalala, lokwera ndi kutsika mopanda ngodya, limene mabuku amalitcha sine, lilipo lodumpha mwadzidzidzi kuchoka pansi kufika pamwamba, n'kukhala pamenepo kanthawi, n'kugweranso pansi, lotchedwa square, ndipo lilipo lokwera molunjika ndi kutsika molunjika, lotchedwa triangle. Chachiwiri ndi liwiro, ndiko kuti mafunde angati adutse pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake ndi hertz, dzina la Heinrich Hertz wa ku Germany, amene mu 1887, ali ku Karlsruhe, adaonetsa kuti mafunde a magetsi angathe kuoloka chipinda popanda waya, namwalira mu 1894 ali ndi zaka 36 zokha, asadaone wailesi imene idabadwa m'ntchito yakeyo. Chachitatu ndi msinkhu wa funde, umene timauyesa m'ma volt. Magetsi amene amachokera ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, nafika m'nyumba zathu pa mawaya a ESCOM, nawonso ndi funde la sine, la hertz 50 ndi ma volt 230. Koma amenewo sitingawauze kuti fulumira kapena chedwa, ndipo munthu wowaseweretsa sakhalitsa ndi moyo. Kabokosi kathu kamamvera: mukakauza hertz imodzi kamatulutsa imodzi, mukakauza miliyoni kamatulutsa miliyoni. Kamayenda ndi mnzake wotchedwa oscilloscope, amene amajambula fundelo pa galasi kuti diso lilione, ndipo chiyambi chake ndi chubu chimene Karl Ferdinand Braun adapanga mu 1897. Wina ndi pakamwa, wina ndi khutu, ndipo labotale yokhala ndi mmodzi yekha mwa awiriwa ndi yolumala.

Ndifuna ndichedweko pang'ono pa mbiri ya chipangizochi, chifukwa muli phunziro loyenera ife amene nthawi zambiri timadandaula za kusowa kwa zida. Njira yolumikizira ma resistor ndi ma capacitor kuti asankhe liwiro limodzi la funde idapezedwa ndi Max Wien mu 1891, koma kwa zaka zambiri amisiri amene adayesa kupangira njirayo makina otulutsa funde la sine adakumana ndi vuto lowasowetsa tulo: funde likangoyamba kukula linkakulirakulira mpaka nsonga zake kuphwanyika, ndipo akalichepetsa pang'ono linkazilala mpaka kufa. Mnyamata wina wa pa yunivesite ya Stanford ku America, William Hewlett, wophunzira wa Frederick Terman, adathetsa vutoli ndi chinthu chimene aliyense adali nacho m'nyumba, ndicho kababu ka nyali. Adakaika m'kati mwa makinawo pamalo pakuti funde likakula, kawaya ka m'babumo kamatentha; kakatentha kamakaniza magetsi koposa; ndipo kukaniza kumeneko kumabweza funde ku msinkhu wake; likachepa, kawayako kamazizira, n'kulilola kuti likulenso. Motero makinawo ankadziweruza okha, usana ndi usiku, popanda dzanja la munthu. Mu 1939 Hewlett ndi mnzake David Packard adayamba kupanga makinawa m'kagalaja ka ku Palo Alto, ndi mpamba wa madola 538, nawatcha 200A, nawagulitsa pa madola 54.40 pamene ena ogwira ntchito yomweyo ankagulidwa kangapo konse kuposa pamenepo. Ndipo a kampani ya Walt Disney adagula asanu ndi atatu a mtundu wotsatira, wa 200B, kuti ayesere zokuzira mawu za kanema wawo wa Fantasia, wa mu 1940. Kampani ya Hewlett-Packard, imene dzina lake mumaliona pa makompyuta ndi pa makina osindikizira m'maofesi a ku Lilongwe, idaphuka pa kababu kameneko. Makina a masiku ano alibenso kababu. Amawerenga msinkhu wa funde kuchokera pa mndandanda wa manambala osungidwa m'kati, motsogozedwa ndi wotchi ya quartz, ndipo chifukwa cha ichi liwiro lawo ndi lokhulupirika kwambiri. Koma nzeru ya Hewlett siidagone pa chuma chimene adalibe. Idagona pa kudziwa bwino khalidwe la kanthu wamba, monga momwe William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu adadziwira khalidwe la dayinamo ya njinga.

Tsono wina angafunse kuti, mwa mafunde atatu aja, n'chifukwa chiyani ofufuza amakonda la sine koposa onse. Yankho lake lidachokera kwa munthu amene sankaganiza n'komwe za magetsi, Joseph Fourier wa ku France, amene m'buku lake la mu 1822 lonena za kayendedwe ka kutentha adaonetsa kuti funde lililonse lobwerezabwereza, likhale la maonekedwe otani, ndi mtolo wa mafunde a sine omangidwa pamodzi. Funde la square la hertz 1,000 silili lokha ayi: m'kati mwake muli sine wa hertz 1,000, ndi wina wa 3,000 amene msinkhu wake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndi wina wa 5,000 wa gawo limodzi mwa asanu, ndi wa 7,000, mpaka kutali. Wotumiza square wafunsa mafunso ambiri nthawi imodzi, ndipo mayankho ake amabwera osakanikirana. Sine yekha ndiye funso limodzi. Ndipo akadutsa m'ma resistor, m'ma capacitor ndi m'makoyilo amatuluka akadali sine, wa liwiro lomwelo, atangosintha zinthu ziwiri, msinkhu wake ndi nthawi yake yofikira. Manambala awiriwo ndiwo yankho lonse. Ambiri a inu mudaimva kale nkhani ya Fourier ndi makutu anu osadziwa, pakuti amene muli ndi sola panyumba, mudagula inveta yotsika mtengo, mumadziwa mmene fani imang'ung'udzira ndi kutentha, ndi mmene wailesi imachitira phokoso; chifukwa chake n'chakuti inveta zoterezi zimatulutsa funde la makwerero, loyandikira square, ndipo mafunde obisika aja, amene injini ya fani siingawasandutse kuzungulira, amasanduka kulira ndi kutentha.

Ntchito yaikulu ya kabokosiko m'labotale ndi kusesa, ndiko kuyamba pa liwiro lotsika n'kumakwera pang'onopang'ono, uku munthu akulemba yankho pa sitepe iliyonse. Tengani resistor ya ma ohm 1,000 ndi capacitor ya 0.1 microfarad, muzilumikize motsatana, mutumize sine, muyese pa capacitor: pa hertz 100 funde lituluka pafupifupi lonse, pafupi ndi hertz 1,600 lituluka magawo asanu ndi awiri mwa khumi, litachedwa, pa hertz 16,000 latsala gawo limodzi mwa khumi. Mwapanga sefa, ndipo sefa yomweyo ndi imene ili m'wailesi, m'foni ndi m'makina a kuchipatala omvera kugunda kwa mtima.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi ena m'mitima mwawo akuti, zonsezi n'zabwino, koma sukulu yathu ilibe kabokosi kameneka, ndipo ndalama ya zipangizo siikwana ngakhale choko. Ndikuyankhani motere: foni iliyonse yamakono imene ingalandire kapulogalamu kotulutsa mawu a liwiro losankhika ndi function generator yaing'ono, yoyenda kuchokera pa hertz 20 kufika pa 20,000, amene ndiwonso malire a khutu la mwana, ndipo ngati ili ndi kabowo ka mahedifoni, pamenepo imatulutsa magetsi oyandikira volt imodzi. Ndi foni imeneyo, chidebe chachitali cha madzi, paipi ya pulasitiki ndi rula, kalasi ingathe kuyesa liwiro la mawu. Imikani paipi m'madzi, muike foni pakamwa pake ikulira hertz 500, ndipo muzikweza paipiyo pang'onopang'ono: mpweya wa m'kati ukatalika pafupifupi masentimita 17, mawu adzakula mwadzidzidzi ngati paipi yadzuka; pitirizani, adzazilala, ndipo pafupi ndi masentimita 51 adzakulanso. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa, masentimita 34 ndi kanthu, ndi theka la funde limodzi. Muuchulukitse kawiri, kenaka ndi 500, ndipo mudzapeza kuti mawu amayenda mamita oposa pang'ono 340 pa sekondi. Mabuku amati 343 pa kutentha kwa madigiri 20, ndipo liwirolo limakwera ndi mamita 0.6 pa digiri iliyonse. Chotero kalasi imene idzayese m'mawa wozizira wa June, n'kudzayesanso masana a October, kutentha kutasiyana ndi madigiri khumi, iyenera kupeza kusiyana kwa mamilimita asanu ndi limodzi okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mwana amene wawaona mamilimita amenewo ndi maso ake sadzaiwalanso, ndipo sadzalowezanso nambala ya m'buku ngati pemphero la chinenero chachilendo.

Tiyeni tsopano titsikire kumadzi, pakuti ife a kuno ndife alonda a chitsime cha mzinda. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo pano pa Malingunde udatsekedwa kawiri, ndi damu loyamba la Kamuzu mu 1966 ndi lachiwiri mu 1989, kuti a Lilongwe Water Board apeze madzi omwetsa likulu la dziko. Ndipo mukukumbukira kuti kuotcha makala kudafika poipa m'nkhalangomo mpaka mu 2015 asilikali adatumizidwa kukailondera. Mwa miyeso imene akatswiri a madzi amatenga tsiku ndi tsiku, umodzi ndi wa mmene madziwo amalolera magetsi kudutsa, chifukwa madzi oyera kotheratu salola magetsi kwenikweni, koma mchere uliwonse wosungunukamo, wochokera m'thanthwe, m'fetereza wokokoloka m'minda, kapena m'zonyansa za m'mudzi, umawatsegulira njira. Munthu angaganize kuti muyesowu ndi wapafupi: kuviika mawaya awiri m'kapu, kulumikiza batire ndi mita, n'kuwerenga. Yesani, ndipo mudzaona nambala ikutsika pamaso panu osaima, pakuti magetsi a batire, oyenda mbali imodzi yokha, amaphwanya madziwo, timathovu ta mpweya timaunjikana pa mawaya, ndipo pa mapeto pake simukuyesanso madzi koma chophimba chimene mwapanga nokha. Funso lawononga chinthu chofunsidwa.

Amene adakonza njira yake ndi Friedrich Kohlrausch wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1870. Iye adati magetsi asayende mbali imodzi, koma azitembenuka msangamsanga, kotero kuti chimene theka loyamba la funde layamba kumanga pa waya, theka lachiwiri lichigumule chisadakhazikike. Ndipo mamita a masiku ano a mtundu umenewu, ngakhale aja okwana m'thumba la malaya, ali ndi kajenereta ka mafunde m'kati, kotembenuza magetsi kambirimbiri pa sekondi. Chimene chimandikondweretsa koposa ndi mmene Kohlrausch ankawerengera yankho. Telefoni itangopezedwa, adailumikiza pakati pa nthambi ziwiri za mlatho wa mawaya, kwina kuli madzi oyesedwa, kwina kuli resistor yodziwika; ankasuntha cholumikizira pa waya wautali uku akumvetsera kulira kwa telefoniyo, ndipo pamene kulirako kwafika pochepetsetsa, pamenepo nthambi ziwirizo zalingana, ndipo kukaniza kwa madzi kwadziwika. Ankayesa ndi khutu, kufunafuna chete. Ndanena ichi dala pano pa Malingunde, pamene pali sukulu ya ana osaona, chifukwa kawirikawiri timawatulutsa ana amenewa m'labotale ndi mawu achifundo akuti sayansi imafuna maso. Koma taonani, umodzi mwa miyeso yolemekezeka ya sayansi udachitika ndi khutu ndi zala, ndipo m'paipi ija ya madzi, kapena pa mlatho wa Kohlrausch wokhala ndi zizindikiro zomveka pokhudza, mwana wosaona angathe kutsogolera anzake openya.

Mlatho woterewu sukulu ingaupange yokha: foni ikulira hertz 1,000, mahedifoni akale, resistor yodziwika, waya wokaniza wotalika mita imodzi atamkhomera pa thabwa, ndi timitengo tiwiri ta makala tochotsedwa m'mabatire akutha a tochi, totsukidwa bwino, tomangidwa motalikirana mosasuntha. Koma muyeso usanakhulupiridwe uyenera kuyesedwa wokha pa chinthu chodziwika kale. Dziko lonse lapansi limagwiritsa ntchito mchere wa potassium chloride: magalamu 0.746 osungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otchezedwa amapereka microsiemens 1,413 pa sentimita, pa kutentha kwa madigiri 25. Ndati madigiri 25 chifukwa nambalayi imakwera ndi magawo awiri pa zana pa digiri iliyonse, kotero kuti woyesa madzi omwewo m'mawa ndi masana, osalemba kutentha kwake, adzalengeza kuti mtsinje waipitsidwa pamene dzuwa lokha ndilo lakwera. Ndichenjezenso, makamaka inu amayi, kuti muyeso umenewu umanena za mchere basi. Tizilombo ta kolera, amene adatisautsa koopsa mu 2022 ndi 2023, sitisintha nambalayi ngakhale pang'ono, ndipo madzi a nambala yokoma angathe kupha.

Ku Bunda, pafupi ndi Mitundu, kumene koleji ya zaulimi idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ndipo kuyambira mu 2012 ndi likulu la yunivesite ya LUANAR, funso lomweli limatembenukira ku mbewu. Aliyense wa ife amadziwa kuti chimanga kapena mtedza wolongedwa usadaume umachita chuku, ndipo chuku china chimabala poizoni wa aflatoxin, wowononga chiwindi, amene kuphika sikumuchotsa. N'chifukwa chake ogula aakulu amadikira kuti chinyezi chitsike kufika pafupifupi magawo 13 pa 100. Kamita kamene amathiramo chimanga chodzaza dzanja kamagwira ntchito motere: mbewuzo zimakhala pakati pa zitsulo ziwiri, funde lothamanga limatumizidwa, ndipo popeza madzi amasunga mphamvu ya magetsi koposa mpweya pafupifupi ka 80, pamene njere youma imaposa mpweya kangapo kokha, chinyezi chochepa chimasintha yankho kwambiri. Komatu kamitako sikadziwa chimanga. Kamadziwa mndandanda umene adakalongamo ku fakitale, wopangidwa poyesa mbewu za kwawoko. Chimanga chathu cha makolo, cholimba ndi cholemera, sichilongezeka m'kapu mofanana ndi cha haibulidi chofewa, ndipo njira yokha yodziwira ngati kamitako kakunena zoona pa mbewu zathu ndiyo kusesa mafunde pa mbewu zathuzo, kenaka kuziumitsa mu uvuni, kuzipima pa sikelo, ndi kulinganiza. Imeneyi ndi ntchito yokwanira wophunzira wa zaumisiri wa zaulimi, ndipo phindu lake lingafike m'thumba la mlimi amene amabwezedwa pa sikelo ndi mawu akuti chimanga chako n'chachiwisi.

Ndafika tsopano pa gawo limene ophunzira salikonda, koma limene limasiyanitsa wofufuza ndi woseweretsa zida. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nambala yowala pa galasi la kabokosiko ndi yokongola, koma imanena chimene kabokosiko kakuganiza kuti kakutulutsa, osati chimene chafika pa chinthu choyesedwa. Pafupifupi function generator iliyonse ya m'labotale ili ndi kukaniza kwa ma ohm 50 m'kati mwake, pa khomo lotulukira, ndipo zambiri zimalemba nambala poganiza kuti kunjanso mwalumikiza ma ohm 50, kuti magetsi agawike pakati. Mukalamula volt imodzi n'kulumikiza ku oscilloscope, imene kukaniza kwake ndi ma ohm miliyoni, mudzaona ma volt awiri, ndipo ophunzira ambiri pa dziko lapansi adabweza makina abwinobwino kwa wosunga labotale ndi kunena kuti afa. Mukalumikiza sipika ya ma ohm 8, cholakwa chitembenuka: mwa ma volt khumi opangidwa m'kati, ofika pa sipika sakwana limodzi ndi theka, otsalawo atayika pa khomo. Choipa koposa n'chakuti kukaniza kwa capacitor, kwa koyilo, kwa madzi ndi kwa mbewu kumasintha pamene liwiro likusintha, kotero kuti posesa paja funso lenilenilo limasintha mwakachetechete, galasi likuonetsabe nambala yomweyo. Mankhwala ake ndi amodzi: oscilloscope ili ndi makomo awiri, ndipo limodzi lizikhala nthawi zonse pa funde lolowa, pamalo penipeni pamene likukhudza chinthu choyesedwa, lina pa funde lotuluka. Safunsa adadya phula. Koma wofunsa amene samva mawu a pakamwa pake amadya phula lomwelo, ndipo amalilemba m'lipoti.

Misampha ina ndiitchula mwachidule. Mawu akuti volt ali ndi matanthauzo atatu pa funde, kuchokera pakati kufika pansonga, kuchokera pansonga ya pansi kufika ya pamwamba, ndi muyeso wa mphamvu yake yeniyeni; magetsi a ESCOM aja a 230 nsonga yake imafika pa 325, ndipo wolemba nambala osanena kuti ndi iti mwa zitatuzi sadalembe kanthu. Mita wamba ya amisiri idakonzedwera sine wa liwiro lotsika. Pa square imawerenga mopitirira ndi magawo 11 pa 100, ndipo pa liwiro lalikulu imangolota. Kachipanira kakuda ka function generator ndi ka oscilloscope kawirikawiri timakumana mobisika kudzera pa waya wa nthaka wa m'khoma, ndipo wotipanira pamalo awiri osiyana walumikiza malo awiriwo mosadziwa, nthawi zina mpaka utsi. Mawaya aatali amatola kung'ung'udza kwa hertz 50 kuchokera m'makoma, choncho wanzeru sayesa pa 50, 100 kapena 150. Ndipo tonse tikukumbukira mdima umene udatsata namondwe wa Ana mu January 2022, pamene Kapichira adaonongeka: labotale imene yayesa theka la ntchito pa magetsi a ESCOM ndi theka lina pa jenereta ya dizilo iyenera kulemba ola limene kusinthako kudachitika, chifukwa phokoso la m'mawaya silikhalanso limodzimodzi. Malembo Oyera amadzudzula kolimba wamalonda wa miyeso iwiri. Wofufuza wosasamala sachita dala, koma amene adzakhulupirire manambala ake amapwetekeka chimodzimodzi.

Chotsiriza ndi dothi. Mukudziwa kuti pansi pa minda ina ya kuno kuli graphite, mwala wakuda wonyezimira umene uli m'kati mwa pensulo, ndi kuti kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idaufufuza, nitulutsa lipoti lake la kuthekera kwa mgodi mu 2018. Chimene chidakopa anthu n'chakuti mwalawo uli m'dothi lofewa, lofukulika popanda kuphulitsa thanthwe. Graphite amafunidwa lero chifukwa ndiye amasunga lithium ku mbali imodzi ya mabatire a mafoni ndi a magalimoto a magetsi. Ndipo m'malabotale a kutali, kumene amaweruza ngati graphite wa dera lakutilakuti ndi woyenera, mwa njira zimene amayesera batire ilipo yakuti amatumiza sine wochepetsetsa, wa magawo ochepa chabe mwa magawo chikwi a volt imodzi, nasesa kuchokera pa hertz zikwi zana kutsika mpaka pansi pa hertz imodzi, ndipo liwiro lililonse limaulula chipinda chake cha m'batiremo: lothamanga limanena za madzi a m'kati ndi zolumikizira, lapakati limanena za khungu la njere za graphite, lochedwa limanena za ulendo wa lithium m'kati mwa njerezo. Ndi kusesa komwe kuja kwa resistor ndi capacitor, kungoti zida zake n'zodula. Sindinabwere kudzanena ngati mgodi ndi wabwino kapena woipa. Imeneyo ndi nkhani ya mafumu, ya boma ndi ya eni minda. Changa n'chakuti mtengo wa dothi la kuno udzatchulidwa ndi manambala, ndi kuti mkangano uliwonse wa m'tsogolo wonena za madzi a mitsinje yolowa m'damu udzafuna kudziwa mmene madziwo adalili kale.

Chotero ndili ndi pempho, ndipo ndiliika pamapazi panu, Gogo Chalo, ndi pamaso pa aphunzitsi aakulu. Sukulu iliyonse ya sekondale ya m'dera lino isankhe madooko awiri kapena atatu, lina kumtunda lina kumunsi kwa midzi, ndi mjigo umodzi. Mafumu alole ana kutungako botolo limodzi pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Ndipo madziwo ayesedwe pa mlatho uja wa thabwa ndi waya, mchere wa potassium chloride utayesedwa poyamba tsiku lomwelo. M'buku la chikuto cholimba, losungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu osati m'chikwama cha mwana, mulembedwe tsiku, ola, dooko, kutentha kwa madzi, liwiro la funde, chida chimene chatulutsa fundelo, ngati kudagwa mvula dzulo lake, ndi dzina la woyesa. Nambala yooneka yachilendo isafufutidwe, koma iyesedwenso, ndipo zonse ziwiri zikhale. Kamodzi pa chaka mabotolo angapo apite ku Bunda kukalinganizidwa ndi mita ya kumeneko, ndipo kusiyana kumene kudzapezeke kulembedwe pa tsamba loyamba la chaka chotsatira. Aphunzitsi amene afuna kuona mmene mlathowo umalumikizidwira atsale tikatha kupemphera, abwere ndi mafoni awo.